ZA PANSI PA MIYALA M'KHITCHINI: MWALA NAWO UMAMWA



Munthu woyenda pa msewu wochoka ku boma la Mangochi kunka ku Monkey Bay, akafika kuno kwathu ku Makokola, aona kuti midzi yasintha maonekedwe ake. Kumene kunali nyumba za mitengo ndi matope tsopano kuli nyumba za njerwa zootcha ndi malata, zambiri zomangidwa ndi ndalama za nsomba, kapena za ana athu amene ali kugwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Ndipo eni nyumba ena, ataona miyala yoyalidwa pansi m'mahotela a m'mphepete mwa nyanja, kumene abale athu ambiri agwira ntchito, anati: "Ifenso tiyale miyala m'khitchini mwathu, kuti tileke kuzira ndi kumata simenti yosweka chaka ndi chaka." Maganizo amenewa ndi abwino, sitiwatsutsa ayi. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri sanauzidwe pogula miyalayo, ndicho ichi: mwala nawo umamwa.

Tiyambe ndi zimene tinaona ndi maso athu m'banja lina la kuno, limene sitilitchula dzina. Mwana wawo wamwamuna anatumiza ndalama kuchokera ku Joni, nati amake asavutikenso ndi pansi pofumbuka. Anagula miyala yathyathyathya yotuwa, imene amisiri amaitcha masileti, naiyala m'mwezi wa Januwale, mvula ili m'kati. Patapita masiku atatu okha, pofuna kuti alendo adzaone chinthu chowala, anapaka vanishi wa matabwa pamwamba pake. Sabata loyamba anansi anadza kudzaona, nayamika. Koma mwezi usanathe pansi ponse panatuluka mawanga oyera onga zipere, vanishi anayamba kufunduka monga ifundula njoka, ndipo pamene panakhala mbaula panada bii ndi mafuta. Tsiku lina mayi wa m'nyumbamo, atasenza ndowa ya madzi, anaterereka nagwa, nakhala masabata angapo osakhoza kugwira mthiko. Thukuta la mwana linapita pachabe, ndipo mayi amene anafuna kumpumuza ndiye anapweteka. Akulu anati safunsa anadya phula. Tilemba izi kuti inu mufunse musanadye.

1. KODI MWALA UMWA BWANJI?

Mudzati: "Kodi mwala ndi chinkhupule kuti umwe?" Tiyankha kuti: tolani mwala pagombe, muuviike theka lake m'nyanja, ndi kuuika pamthunzi. Theka lonyowa lida, ndipo likhala lakuda ngakhale mutalipukuta ndi nsalu. Kudako ndiwo madzi amene alowa m'timabowo tosaoneka ndi maso. Mtsuko wa dothi uziziritsa madzi chifukwa utuluka thukuta. Mwala ndi mbale wake wa mtsuko, koma timabowo take tichepa koposa. Madzi oyera akalowa, atulukanso potentha dzuwa. Mafuta ndiwo akalowa alowa: akhala momwemo, nakoka fumbi ndi mwaye, nasanduka banga lakuda. Ndipo madzi otumbulira chambo kapena kampango akatsikira m'mipata ya pakati pa miyala, fungo lake liitana ntchentche, nyerere ndi mphemvu.

Amayi athu akale anadziwa nzeru imeneyi ngakhale sanalowe m'sukulu. Pozira nyumba anathira dothi lakuda losefa bwino, nalikulungiza ndi kamwala kosalala kufikira pansi pachita phuliphuli. Ndipo sanazire kamodzi kokha nkuleka, anabwerezabwereza. Anali kuchitanji? Anali kutseka timabowo ta dothi, kuti fumbi lisauke ndi nthata zisapeze pokhala. Ntchito ya pa mwala ndi yomweyo, zasintha ndi zipangizo chabe. Munthu asanyengedwe ndi kuuma kwa mwala nkuyesa kuti ulibe mdani. Amene anafika ku Cape Maclear anaona Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yonga mphini za pankhope. Mizere imeneyo sanaidule munthu, inadza ndi dzuwa ndi mvula ya zaka zosawerengeka. Ngati thanthwe ligonja, nanga kamwala kopyapyala koyalidwa pafupi ndi moto?

2. DZIWANI MTUNDU WA MWALA WANU

Miyala yoyala pansi tingaigawe patatu.

Mtundu woyamba ndi miyala yolimba yamawangamawanga, yonga ya m'mapiri a Nkhudzi, Monkey Bay ndi Cape Maclear, imene ophunzira amaitcha granite, syenite ndi gneiss. Imeneyi imwa pang'ono, siikandika msanga, ndipo siiopa mandimu kwenikweni. Granite wakuda wa ku Mutoko m'dziko la Zimbabwe ndi wothinana kotero kuti kawirikawiri safuna mankhwala konse.

Mtundu wachiwiri ndi miyala ya laimu, kapena kuti njereza, yonga imene ikumbidwa ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka ndi ku Njereza m'boma lathu lino la Mangochi. M'masitolo miyala ya mtundu umenewu, yosalazidwa ndi makina, igulitsidwa ndi maina akuti marble, limestone ndi travertine. Ikongola ndithu, koma ndi yofewa, ndipo chilichonse chowawasa chiidya.

Mtundu wachitatu ndi miyala yong'ambika m'mapale, ndiyo masileti, pamodzi ndi miyala ya mchenga wogwirana. Ina mwa imeneyi ndi yaludzu kwambiri, ndipo ikanyowa kawirikawiri isupuka timapale pamwamba.

Matailosi a m'fakitale, a dothi lootcha lokutidwa ndi khungu longa galasi, sali miyala ayi. Iwo safuna mankhwala pamwamba, koma m'mipata mokha. Wina asakugulitseni chitini cha mankhwala chifukwa cha iwo.

Tsono mudzadziwa bwanji mtundu wa mwala wanu? Pali mayeso awiri osalira ndalama. Tengani chibenthu chotsala, kapena sankhani pangodya pobisika. Choyamba, finyirani dontho la ndimu. Likachita thovu, kapena likasiya malo otuwa osawala patapita mphindi zingapo, mwalawo ndi wa laimu. Chachiwiri, thirani supuni imodzi ya madzi, ndi kudikira mphindi 10 kapena 15, ndipo mupukute. Pakatsala chizindikiro chakuda, mwala wanu umwa, ufuna kutsekedwa. Madzi akada msanga, mphindi imodzi isanathe, dziwani kuti mwalawo ndi waludzu lalikulu, udzafuna kupakidwa kawiri kapena katatu. Pakakhala popanda chizindikiro, sungani ndalama zanu.

3. MADZI OCHOKERA PANSI

Apa tikhalitsepo pang'ono, pakuti ndipo panagwera banja lija, ndipo ndi vuto lathu lenileni ife a kunyanja. Nyanja yathu ili pa mamita ngati 474 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo midzi yathu yambiri ili pa chigwa cha mchenga chokwera pang'ono chabe pamwamba pa madziwo. Yense amene anakumba chitsime kuno adziwa kuti madzi sali patali. M'chaka cha 2024 nyanja inadzaza nisefukira, nilowa m'nyumba ndi m'mahotela a m'mphepete kuno ku Mangochi. Ndipo ngakhale kumene sinafike, chinyezi chinakwera m'maziko. Chinyezi chimenechi chikwera m'simenti ndi m'mwala monga palafini akwera m'chingwe cha nyali, chitanyamula mchere wa m'nthaka ndi wa m'simenti. Chikafika pamwamba madzi auluka, mchere utsala: ndiwo ufa woyera uja muuona pa miyala ndi m'munsi mwa makoma.

Tsono mukavundikira mwala wonyowa ndi vanishi kapena utoto, mwatsekera madzi m'ndende. Iwo safunsa chilolezo: akankha khungu lija kufikira litumphuka, ndipo mchere uunjikana pansi pake, nuchita mawanga oyera amene simungathe kuwakolopa chifukwa ali m'kati.

Chifukwa chake, inu amene simunayambe kumanga, uzani mmisiri ayale pepala lolimba la pulasitiki pansi pa konkire, m'mbali mwake mutapiringizana bwino, ndipo pansi pa nyumba pakwere koposa bwalo. Konkire afuna masiku 28 kuti akhwime, ndipo kuuma kwenikweni kutenga nthawi yoposa pamenepo. Miyala ikayalidwa, ilekeni ipume masabata angapo. Mmisiri podula miyala ndi makina athirepo madzi ndi kuphimba kumphuno, pakuti fumbi la mwala liumitsa mapapo. Ndiyo nthenda imene makolo athu ambiri anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni.

Pofuna kudziwa ngati pansi pauma, dulani pulasitiki woonekera wa masentimita 45 mbali zonse, mumuyale pansi ndi kumata m'mbali mwake monse, agone usiku ndi usana. Mukapeza timadontho pansi pake, kapena mwala utada, dikiranibe. Nyengo yabwino ya ntchito imeneyi kwathu kuno ndi Seputembala ndi Okutobala, nthaka itauma, mvula isanayambe. M'dzinja musayese. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mchere woyera ukatuluka, usesedwe ndi burashi youma. Mukauthira madzi usungunuka, nubwerera m'mwala, nutulukanso mawa.

4. KATSEKEDWE KAKE

Mankhwala otsekera mwala m'masitolo a zomangira atchedwa sealer, ndipo ali mitundu iwiri. Ena akhala pamwamba nachita khungu lowala. Ena alowa m'timabowo, nayanika m'kati, osasiya khungu. Mwala uoneka monga unalili, koma madzi ndi mafuta aimirira pamwamba timibulu, ndipo nthunzi ya pansi ikhoza kutulukabe. M'khitchini ya kunyanja sankhani olowa m'kati, ndipo muonetsetse kuti pachitini palembedwa kuti akaniza mafuta, pakuti ena akaniza madzi okha. A khungu lowala akondweretsa maso mwezi woyamba, koma akandika ndi mchenga, aterera akanyowa, ndipo asupuka ndi chinyezi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Musanagule, yesani m'litali ndi m'lifupi mwa khitchini, kuti wogulitsa akuwerengereni malita ofunika; mwala waludzu umwa koposa wothinana. Kachitidwe kake ndi aka:

Choyamba, tulutsani zonse: ufa, ndiwo, mbale, mitsuko ya madzi akumwa. Konzani pophikira pena pabwalo pa masiku awiri kapena atatu.

Chachiwiri, tsukani pansi ndi madzi ndi sopo pang'ono, mutsukuluze kawiri, ndi kuchotsa mabanga onse monga tidzanena m'munsimu. Pakuti banga lotsekeredwa likhala mpaka kale. Pamenepo paume tsiku lathunthu kapena masiku awiri.

Chachitatu, zimitsani moto wonse, mbaula, nyali ndi fodya yemwe, pakuti ambiri mwa mankhwalawa ayaka msanga, ndipo mpweya wake uchititsa chizungulire. Tsegulani mazenera ndi zitseko. Ana ndi amayi apakati akhale kutali. Wopaka avale magolovesi.

Chachinayi, yambani m'mamawa mwala usanatenthe. Kutentha kwa kuno m'mwezi wa Okutobala kuumitsa mankhwala pamwamba asanalowe. Yesani poyamba pangodya yobisika, muone ngati mtundu wa mwala usintha.

Chachisanu, yambirani kungodya ya kutali ndi khomo, mubwerere chafutambuyo, mukupaka ndi nsalu yoyera yosathothoka kapena burashi yofewa, malo aang'ono nthawi imodzi. Mipata ya simenti ya pakati pa miyala ilandire mokwanira, pakuti imwa koposa mwala weniweni.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo ichi ndicho chiiwalika kawirikawiri: patapita mphindi zimene zalembedwa pachitini, zimene zikhala ngati 5 kufikira 15, pukutani otsala onse ndi nsalu youma. Amene mwala wakana kumwa sali phindu. Akauma pamwamba achita nkhungu yomata yogwira fumbi. Ndi bwino anthu akhale awiri, wina wopaka, wina wopukuta pambuyo.

Chachisanu ndi chiwiri, bwerezani kachiwiri ngati mwala ufunabe, ndipo pansi pasanyowe kapena kupondedwa kufikira nthawi yolembedwa pachitini itakwana, ndiyo kawirikawiri maola 24 kapena kuposerapo. Nsalu zopakira ziyanikidwe pabwalo zotambasula, kutali ndi moto. Chitini chotha chisasandulike chotungira madzi kapena chosungira mchere.

Nanga amene alibe ndalama ya mankhwalawa achitenji? Asataye mtima, ndipo asathamangire njira zachidule. Polishi wofiira ndi wa simenti ya pakhonde ndi pabalaza; pa mwala alowa m'timabowo naudetsa kosachokanso. Kandulo wosungunulira m'palafini, amene ena apaka pansi, ndi msampha pafupi ndi moto, ndipo aterera. Oilo wakuda wa galimoto ndi poizoni m'nyumba ya chakudya. Mafuta ophikira avunda nanunkha. Kuli bwino mwala ukhale wosapakidwa kanthu, koma wosesedwa ndi wopukutidwa msanga, koposa kuupaka zoipa. Ndalama ikapezeka pang'ono, yambani ndi malo ozungulira pophikira ndi potsukira mbale.

5. ADANI ANAYI

Pano tichenjeze. Mankhwala sasandutsa mwala chitsulo. Ntchito yake ndi kukupatsani nthawi chabe: mafuta amene akadalowa m'mphindi imodzi adikira pamwamba kufikira mutapeza nsanza. Mukawaleka agone, alowabe. Tsono dziwani adani anu.

Mdani woyamba ndi mchenga, ndipo kwathu kuno ndiye wamkulu. Katswiri wina wa ku Germany, Friedrich Mohs, m'chaka cha 1812 anandandalika miyala monga mwa kulimba kwake, kuyambira 1 kufikira 10, kotero kuti wa nambala yaikulu ukanda wa nambala yaing'ono. Mwala wa laimu uli pa 3. Timiyala ta quartz, timene tichuluka mu mchenga wa pagombe, tili pa 7. Ndiko kuti kambewu kalikonse ka mchenga kolowa ndi phazi la msodzi kapena la mwana wochokera kosamba ndi kampeni kakang'ono, ndipo munthu akakaponda nakakhukhuza, kalemba mzere. Mzere umodzi suoneka, koma zikwizikwi zichotsa kuwala ndi mankhwala omwe. Pa nyengo ya mwera, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, mphepo iulowetsa yokha m'nyumba. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: chiguduli pakhomo, beseni la madzi osambitsa mapazi, ndi tsache lofewa m'mawa ndi madzulo. Sesani musanakolope nthawi zonse. Kukolopa pa mchenga ndiko kupala pansi. Ndipo chizolowezi chathu chokwecha mapoto ndi mchenga ndi phulusa chichitikire pabwalo.

Mdani wachiwiri ndi mafuta: okazingira usipa ndi utaka, msuzi wa nyama, nsinjiro. Akatayika musawafafanize ndi chikolopa, pakuti mukulitsa banga. Wazani ufa woyera kapena wa chinangwa pamwamba pake, umwe mafutawo, muwole, ndipo pamenepo mutsuke ndi sopo. Pamene mukazingira nthawi zonse yalani lata lathyathyathya kapena thabwa lochotseka.

Mdani wachitatu ndi zowawasa: mandimu, matimati, bwemba, malambe, chidede, thobwa losasa, viniga, zakumwa za m'mabotolo. Pa mwala wa laimu zimenezi sizithimbiriritsa chabe, zidya mwala weniweniwo, ndipo palibe mankhwala olowa m'kati amene aletsa. Malo odyedwa atuwa, ndipo sabwerera ndi kutsuka. Pa miyala yolimba zidya simenti ya m'mipata. Chifukwa chake musamvere amene anena kuti viniga ayeretsa zonse. Ndipo mankhwala otsukira chimbudzi kapena asidi wa batire asafike m'khitchini.

Mdani wachinayi ndi moto ndi zolemera. Mbaula yoikidwa pa mwala weniweni iutenthetsa mbali imodzi, ndipo madzi ozizira akagwerapo ung'aluka. Miyendo yake yachitsulo ikanyowa isiya dzimbiri, ndilo banga lovuta koposa onse. Ikani mbaula pa njerwa, kapena pa mwala wina wokhuthala wosamatidwa. Chimodzimodzi ndowa ndi zitini zachitsulo zikhale pathabwa. Mtondo ukhale pabwalo, ndipo nkhuni zisawazidwire m'nyumba. Mwala umene ulira ngati ng'oma mukaugogoda ndi chala uli ndi mphako pansi pake; umenewo udzasweka poyamba, muuze mmisiri aumatenso usanasweke.

6. KUCHOTSA BANGA LOLOWA KALE

Banga lakale la mafuta silichoka ndi mphamvu ya mkono, lichoka ndi kukokedwa. Sakanizani soda yophikira ndi madzi pang'ono, ikhale ngati phala lolimba. Muimate pa banga mochindikala ngati chala chaching'ono, ipitirire m'mbali pang'ono, muvundikire ndi pulasitiki usiku ndi usana. Pamenepo muchotse pulasitiki, phalalo liume lokha. Pouma likoka mafuta m'mwala monga dothi louma limwa madzi. Mulipale ndi chipande kapena kathabwa, osati mpeni, ndi kutsukuluza. Banga lalikulu lifuna kubwereza katatu kapena kanayi, musatope. Nzeru imeneyi si ya kumudzi kokha: ku Agra m'dziko la India kuli nyumba yotchuka ya marble woyera yotchedwa Taj Mahal, ndipo ikathimbirira ndi utsi osamala aimata dothi losalala, nalisiya liume, nalitsuka ndi madzi. Malo amene mwachotsa banga apakidwenso mankhwala atauma.

Banga la tiyi, la msuzi wa masamba kapena la nkhungu litha ndi klorini wosungunula m'madzi ambiri, wotsukuluzidwa msanga. Tonse tikumbukira kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023, imene inasautsa kwambiri boma lathu la Mangochi. Pa nthawi ya mliri wotere, kapena m'nyumba mukakhala wotsegula m'mimba, tsukani pansi ndi klorini monga alangiza a zaumoyo, osawerengera mwala. Moyo wa mwana uposa miyala yonse ya m'mapiri. Mudziwe chabe kuti klorini wa tsiku ndi tsiku afooketsa mankhwala otsekera, kotero mliri ukapita muyesenso ndi supuni ya madzi. Ndipo klorini asasakanizidwe konse ndi viniga, mandimu kapena mankhwala ena otsukira, pakuti atulutsa mpweya wopha.

7. NTCHITO YA TSIKU, YA SABATA NDI YA CHAKA

Tsiku ndi tsiku: sesani kawiri, chotayika chipukutidwe nthawi yomweyo, madzulo kolopani ndi chikolopa chofinya bwino, osathira ndowa yonse pansi monga tichita pakhonde.

Sabata ndi sabata: tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wamba pang'ono chabe, pakuti sopo wochuluka asiya utoto woterera wogwira litsiro. Mipata itsukidwe ndi burashi yofewa, osati ya waya. Tsukuluzani ndi madzi oyera, ndi kuumitsa ndi nsalu. Kuumitsaku n'kofunika makamaka kwa amene atunga pa mijigo ya madzi olawa mchere, pakuti madzi otere akauma okha asiya nkhungu yoyera. Ndiponso pansi pouma sipagwetsa agogo.

Chaka ndi chaka, pofika Seputembala: yesani supuni ya madzi m'malo atatu, pakhomo, pophikira ndi potsukira mbale. Pamene pada pafuna kupakidwanso, pamene madzi aimirira palekeni. Mwala waludzu m'khitchini ya banja lalikulu ungafune chaka chilichonse kapena zaka ziwiri. Wothinana upirira zaka zambiri. Musapake chifukwa chaka chatha, pakani chifukwa mwala wapempha. Onaninso mipata: pamene simenti yagumuka pamatidwe mvula isanadze, pakuti kang'alu kakang'ono ndi khomo la madzi ndi chiswe.

MAWU OTSIRIZA

Banja lija linachitanji? Linadikira chilimwe. Bambo ndi anyamata anagwada masiku anayi kupala vanishi yense, namata phala la soda pamene panali mbaula katatu konse, naleka miyala ipume mpaka Okutobala, napaka mankhwala olowa m'kati. Pansi pawo lero sipawala ngati galasi, ndipo banga lina la dzimbiri likadalipo kukumbutsa. Koma ndi poyera, posanunkha, ndipo mayi ayendapo wosaopa.

Inu abambo, musayese kuti mwatha mangawa anu tsiku limene munalipira mmisiri, nimusiyira mkazi yekha zotsala. Kupaka mankhwala, kumata mipata ndi kukonza pokhala mbaula ndi ntchito yanu. Inu ana, phunzirani kukutumula mapazi pakhomo. Ndi kanthu kakang'ono, koma kasunga thukuta la mkulu wanu amene agona m'chipinda chothinana kutali ndi kwawo kuti amanu aphikire pabwino. Ndipo inu amene muli kutumiza ndalama kuchokera kunja, polamula kuti ayale miyala lamulaninso kuti adikire iume, ndipo mupatule kandalama ka mankhwala oyenera. Walira mvula walira matope: wofuna pansi pa miyala walandiranso tsache ndi nsanza.

Inu amene simunathe kugula miyala musachite manyazi ayi. Pansi pozira bwino, kapena pa simenti yosesedwa, paposa miyala ya mtengo wapatali yonona mafuta. Koma inu amene muli nayo, madzulo ano mukatha kutsuka mbale tengani supuni ya madzi, muthire pafupi ndi mbaula, ndi kudikira pang'ono. Mwala wanu udzakuuzani wokha ngati uli ndi ludzu.

Tsalani bwino nonse m'mabanja mwanu.